Kodi Wanjala Ayenera Kuvina?

Pa 20 Ogasiti 2017 wailesi ya kanema ya SABC1 ku South Africa inayamba kuonetsa sewero lochedwa Tjovitjo. Mwini maganizo ndi woongolera wake anali Vincent Moloi. Nkhani yake ndi ya gulu la acinyamata okhala m'komboni yosauka kwambiri ku Johannesburg, anthu amene alibe nchito, alibe munda, sukulu inawakanika kapena inawataya, koma ali ndi miyendo. Iwo amavina gule wochedwa pantsula. Mtsogoleri wao ndi Mafred, munthu wamphamvu ndi waukali, amene mbali yake anasewera ndi Warren Masemola. Anthu mamiliyoni anali kuliona seweroli pa Sondo usiku, ndipo mu 2018, pa mphoto za SAFTA, linasankhidwa kukhala sewero la pa TV loposa onse. Masemola analandira mphoto ya wosewera wamwamuna, ndipo Moloi analandira ya woongolera.

Za mphoto tizisiye. Cimene ndifuna kuti tikambirane, anzanga, ndi funso limene seweroli limaponya pamaso pa aliyense woliona, funso limene amai ambiri m'makomboni akhala alikufunsa ana ao popanda TV iriyonse: kodi n'koyenera kuti munthu amene m'nyumba mwao mulibe unga azithera tsiku lonse alikuvina? Kumbuyo kwa funso limeneli kwabisala lina lowawa koposa, lokhudza ife oonerera: kodi ife amene tadya nsima tiri ndi ufulu wokhala pampando ndi kusangalala ndi kuvina kwa munthu wanjala?

Tiyambe tamdziwa guleyo. Mizu ya pantsula iri m'makomboni a anthu akuda a Johannesburg, makamaka Alexandra ndi Sophiatown, m'zaka za m'ma 1950. Sophiatown anali amodzi mwa malo ocepa kumene munthu wakuda anali kuloledwa kugula malo ndi kumanga nyumba yakeyake pafupi ndi tauni, ndipo kumeneko oimba, olemba nkhani, aphunzitsi ndi akuba anali kukhala mumseu umodzi. Pa 9 Febuluwale 1955 boma la tsankho linatumiza apolisi 2,000 ndi malole kukayamba kusamutsa anthu kupita nao ku Meadowlands, ku Soweto. M'zaka zocepa anthu pafupifupi 60,000 anacotsedwa, nyumba zao zinagumulidwa, ndipo pamalopo anamangapo nyumba za azungu, nacha malowo Triomf, kutanthauza cipambano. Anthu anapita ndi zimene anatha kunyamula. Cinthu cimodzi cimene sicinafune lole cinali kayendedwe ndi kavalidwe ka anyamata a m'tauni, ndipo m'makomboni atsopano aja, a tinyumba tofanana topanda magetsi, kayendedweko kanakula n'kukhala gule. Pofika m'ma 1980 anali atafalikira, ndipo m'ma 1990 anapeza nyimbo zomuyenera, za kwaito, zimene akulu athu kuno anavinanso pa maukwati.

Munthu woona pantsula koyamba amadabwa ndi liwiro la mapazi. Thupi limawerama pang'ono, maondo amapindika, ndipo mapazi amapondaponda, kutsetsereka ndi kupotoka ngati pansi pali makala amoto. Ukayang'anitsitsa umaona kuti alikusimba nkhani. Uyu alikuthamangira sitima ya m'mamawa, uyu alikuponya madaisi pakona, uyu alikuceuka kuona ngati apolisi alikubwera. Amaitanizana ndi mluzu, ndipo dzina lakuti Tjovitjo nalonso ndi mfuu ya m'makomboni yoitanirana ndi kupatsana moni. Kavalidwe kali ndi lamulo lake: nsapato za Converse All Star, thalauzi la Dickies lositidwa bwino, ndi kacipewa kofewa kamene amakacha spoti. Munthu angagone m'nyumba ya malata yodontha, koma popita kukavina amatuluka waukhondo ngati kalaliki wa ku banki.

Tsono mlandu wake ndi uwu, ndipo tisaucepse, pakuti amene amaunena si anthu oipa mtima. Taganizani za mai amene amadzuka 4 koloko kukaoda tomato, nakhala padzuwa tsiku lonse kuti apeze ya unga ndi makala. Pobwera madzulo apeza mwana wake wa zaka 22, wamphamvu ngati ng'ombe, thukuta liri thupi lonse, alikudumpha pabwalo ndi anzake. Mphamvu zimene wathera pamenepo zikanatunga madzi, zikanaumba njerwa, zikananyamula katundu pamsika. Njala imene wabwera nayo kugule adzaithetsa ndi nsima ya mai yemweyo. Mtengo wa nsapato zimene wavala ukanagula unga wa mwezi. Mai ameneyu akanena kuti kuvina sikudyedwa, palibe wophunzira wa ku koleji amene angamtsutse, pakuti n'zoona, sikudyedwa. Ndipo pali cinthu cina cimene iye adziwa cimene mwanayo sanacione: miyendo imakalamba msanga. Wovina wa zaka 40 amene sanaphunzire nchito ina iriyonse ndi munthu womvetsa cisoni.

Komabe mlanduwu uli ndi mwendo umodzi wopunduka. Umayesa kuti nchito iripo, irikudikira pakhomo, ndipo mnyamatayo waikana cifukwa ca gule. Ku South Africa, mwa acinyamata a zaka 15 kufikira 24 amene alikufunafuna nchito, oposa theka saipeza, ndipo zakhala conco kwa zaka zambiri. Johannesburg anamangidwa pa golide amene anapezeka mu 1886, ndipo kwa mibadwo ingapo migodi yake inali kumeza amuna ocokera kutali, kuphatikizapo a ku Barotseland ndi Nyasaland amene Wenela anali kuwatenga. Migodi ya pafupi ndi mzindawo inatsekedwa umodzi umodzi, koma anthu anatsala, nabala ana. Acinyamata a mu Tjovitjo ndi ana a malo amene anafuna manja a agogo ao koma safuna manja a iwo. Cotero mnyamata wotere kawirikawiri sasankha pakati pa gule ndi nchito. Amasankha pakati pa gule ndi kukhala cabe pakona kuyambira m'mawa kufikira usiku, ndipo tonse tidziwa zimene zimamera pakona.

Anthu amene sanakhalepo paulova amayesa kuti kuipa kwake ndi kusowa ndalama kokha. Kuipa kwina n'kwakuti tsiku limataya mafupa. Palibe cifukwa codzukira 6 koloko m'malo mwa 10 koloko. Lolemba ndi Lacinai n'cimodzimodzi. Ukadwala palibe wofunsa cifukwa cimene sunabwere, pakuti kunalibe kumene anali kukuyembekezera. Munthu amayamba kudzimva ngati mpando wothyoka umene anthu a m'nyumba angoulambalala. Gulu la gule limabwezera mafupa aja. Pali nthawi yokumana, ndipo wocedwa amadzudzulidwa. Pali wamkulu amene anadziwa kale ndi wamng'ono amene alikuphunzira. Pantsula amavinidwa pamodzi, mapazi 10 kapena 12 kugunda pansi ngati phazi limodzi, ndipo zimenezi sizibwera mwa mwai, zimafuna miyezi ya kubwereza cinthu cimodzimodzi kufikira akakolo atatupa. Ukasowa iwe, mzere umakhala ndi ciboo, ndipo onse amaciona. Kwa mnyamata amene dziko lonse lamuuza kuti kukhalapo kwake ndi kusakhalapo kwake n'cimodzimodzi, ciboo cimeneco ndi cuma. Ndi malo okhao pansi pano amene amaoneka kuti ali opanda kanthu iye akacokapo.

Zimenezi si zacilendo kwa ife. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wina wa za cikhalidwe ca anthu, J. Clyde Mitchell, anali kuona gule wa kalela ku Luanshya, nalemba kabuku kamene kanatuluka mu 1956. Gulu limene analiona linali la anyamata a mtundu wa Abisa, ambiri a iwo ogwira nchito zapansi, za malipiro ocepa. Koma pa Sondo masana anali kutuluka atavala mathalauzi ositidwa, masingileti oyera ndi nsapato zopolisha. Pagulu pao panali "mfumu" ya suti, "dokotala" wa mkanjo woyera, ndi "nasi" amene anali kuyenda ndi galasi ndi kansalu kuti wovina aliyense adzione ndi kudzipukuta. Sabata yonse anali manambala m'buku la bwana, koma pa Sondo anali anthu oyenera galasi. Luanshya ndi Sophiatown n'kutali, ndipo kalela ndi pantsula ndi magule osiyana, komabe anyamata osauka a m'matauni awiriwa anafika pa yankho limodzimodzi. Cinthu cikamera cokha m'minda iwiri yotalikirana, ndiye kuti mbeu yake iri mwa munthu.

Pali maganizo akuti munthu ayambe wakhuta, kenaka apeze pogona, ndipo pothera pake, zonse zikakwanira, ndiye aganize za nyimbo. Maganizo amenewa amamveka anzeru, koma ndiyesa anabadwira m'nyumba ya munthu wokhuta. Amai a kumudzi sanadikire caka ca zokolola zambiri kuti ayambe kuimba pamtondo. Anali kuimba ngakhale mtondo uli ndi gaga yekha, ndipo m'nyimbozo ndi mmene anali kusungira zimene zinawacitikira m'zaka za njala. Kuuza wosauka kuti adikire kukhuta asanavine ndi kumuuza kuti adikire moyo wake wonse.

Kufikira apa ndaimira anyamatawo, ndipo kukanakhala kokoma kulekera pomwepa. Seweroli silitilola. Moloi sanapange Mafred kukhala mngelo wosauka amene colakwa cake ndi kubadwira m'komboni. Mafred ndi munthu wa mkwiyo, manja ake si oyera, ndipo iye mwini amalimbana ndi zimene wakhala. M'komboni yake muli umbanda ndi ciwawa, ndipo gule amakhala pakati pa zonsezi osazicotsa. Izi zigwirizana ndi mbiri ya pantsula, pakuti kuyambira kale dzinali linali kuyendera pamodzi ndi la tsotsi. Filimu ya Mapantsula ya mu 1988, ya Oliver Schmitz ndi Thomas Mogotlane, si ya ovina. Ndi ya kambava kochedwa Panic, kopisa m'matumba ndi m'zikwama za anthu m'tauni, cifukwa pa nthawiyo mau akuti mapantsula anali kunenanso anyamata otere. Zovala zodula zija zinali kufuna ndalama, ndipo si onse amene anali kuzipeza m'njira yoongoka. Magulu monga Via Katlehong, limene linayamba mu 1992, agwira nchito yaikulu kuti alekanitse gule ndi mpeni ndi kucotsa ana m'miseu. Kukanakhala kuti ziwirizi sizinagwirane, nchito imeneyo sikanafunika.

Apa pali msampha umene ife acinyamata timakodwamo kawirikawiri. Makolo anati ukaipa dziwa nyimbo. Iwo anali kunena za nkhope: ngati sunapatsidwe ici, limbikira ico, kuti nawenso ukhale ndi pokhala pabwalo. Ife tautembenuza mwambiwu kuti uzinena za mtima. Munthu akadziwa nyimbo, kapena mpira, kapena gule, timamkhululukira asanapepese. Amenye mkazi wake, tidzati ndi mmene aliri anthu aluso. Alande foni ya mwana wa sukulu, tidzati ndi umphawi. Poona Masemola alikuvina, thupi lonse lirikugwedezeka ngati munthu wolimbana ndi cinthu cosaoneka, mtima umafewa ndipo umafuna kuiwala zimene Mafred wacita. Kufewa kumeneko ndiko kuyenera kutiopsa. Luso ndi mphatso ya miyendo, silitsuka manja. Ndipo kunena kuti wosauka sangacitire mwina koma kuba ndi kunyoza osauka ena onse a m'komboni yomweyo, amene ali ndi njala yofanana koma sanabe, kuyambira ndi mai wa tomato uja.

Ena amateteza gule m'njira ina imene ine sindiikhulupirira kwenikweni. Amati, mlekeni avine, mwina adzachuka n'kutitulutsa muno. Zitsanzo ali nazo. Mu 2011 anyamata a ku Maputo ochedwa Tofo Tofo, amene kavinidwe kao kanatengera pantsula, anaonekera m'vidiyo ya Beyoncé, iye atawafunafuna ndi kuwaitanitsa ku America kuti amphunzitse mapazi ao. A Via Katlehong avina m'mabwalo a ku France. Koma pa gulu lirilonse lokwera ndege pali magulu ambirimbiri amene sadzapitirira bwalo la fumbi pamene anayambira. Mafilimu ambiri a ovina amatha ndi mpikisano waukulu, cikho ndi ndalama, ndipo mosazindikira timaphunzira kuti kuvina kwa wosauka ndi tikiti ya lotale. Tsono ngati phindu la gule ndi kutulutsa munthu m'komboni, ndiye kuti onse amene sanatuluke anataya nthawi, ndipo mai uja anali kunena zoona kuyambira paciyambi. Ndiponso maganizo otere amasenzetsa mnyamata katundu amene sangamthe, pakuti tsiku lirilonse limene sanachuke amakhala ndi ngongole kwa banja lonse.

Mu Sophiatown momwemo munali wansembe wa Anglican, Trevor Huddleston, amene anali kulimbana ndi boma pa nkhani ya kusamutsa anthu, ndiponso anayambitsa nchito yodyetsa ana osauka. Mu 1954 iye anapezera lipenga mnyamata wina wovuta wa pa sukulu ya St Peter's, dzina lake Hugh Masekela. Nkhani imeneyi imasimbidwa kawirikawiri monga umboni wakuti wansembeyo anaona patali, popeza Masekela anadzakhala woimba wodziwika dziko lonse kufikira imfa yake mu 2018. Ine ndiganiza kuti kuisimba conco ndi kumlanda Huddleston ulemu wake. Iye sanadziwe za mawa. Anyamata ena nawonso anafuna zoimbira, napanga gulu lochedwa Huddleston Jazz Band. Jonas Gwangwa anacokera momwemo, koma ambiri a gululo sanafike pamene awiriwa anafika. Kodi zoimbira zao zinapita pacabe? Wansembe yemweyo anasonkhanitsanso ndalama zomangira dziwe losambiramo ku Orlando, ndipo dziwe silidyedwa monga momwe gule sadyedwera. Munthu amene anali kudziwa bwino mtengo wa mkate wa mwana mmodzi, ndi kuculuka kwa ana ogona ndi njala, anaona kuti lipenga ndi dziwe nazonso ndi zosowa za mwana wosauka, kaya adzachuka kaya sadzachuka.

Tsono tibwere kwa ife oonerera, pakuti apa ndi pamene nkhaniyi imaluma. Pali mau amene alendo amakonda kunena akayenda m'makomboni ndi makamera ao, akuti anthuwa ndi osauka koma ndi okondwa. Mau amenewa amamveka ngati ciyamiko, koma nchito yao ndi kutonthoza wowanenayo. Ngati alikuvina ndiye kuti zinthu siziri zoipa kwambiri, ndipo ngati siziri zoipa kwambiri, mpope wa madzi ungadikire caka camawa. Andale adziwa bwino mankhwala amenewa. Palibe msonkhano wopanda gulu la ovina kutsogolo, opatsidwa citenge ndi ya basi, ndipo fumbi limene amautsa limabisa mseu umene sunakonzedwe. Sewero la pa TV lingagwire nchito yomweyo. Kamera yabwino imakongoletsa ciriconse. Malata a dzimbiri padzuwa la madzulo amaoneka ngati golide, ndipo utsi wa zinyalala sununkha pagalasi. Tjovitjo anajambulidwa mwaluso kwambiri, ndipo n'cifukwa cake ngozi yake ndi yaikulu. Munthu angathe kuona umphawi Sondo iriyonse, n'kudzuka pampando ali wokhuta m'maso, n'kupita kukagona tulo tabwino.

Kodi ndiye kuti zoterezi zisamaonetsedwe? South Africa inakanganapo kale za funso lofanana ndi limeneli pamene SABC1 inayamba kuonetsa Yizo Yizo mu 1999, sewero la sukulu ya m'komboni lodzala ndi mankhwala osokoneza bongo, kugwirira atsikana ndi mfuti. Makolo ena ndi aphungu ena a nyumba ya malamulo anafuna kuti liletsedwe, nati lirikuphunzitsa ana zoipa. Ana a sukulu ambiri analikonda cifukwa anaonamo moyo umene anali kuudziwa. Ine ndiri ku mbali ya ana. Kubisa komboni sikuicotsa. TV yodzala ndi anthu a m'nyumba zosanja, okangana za makampani ndi colowa ca atate ao, imauza mwana wa m'malata kuti moyo wake suyenera ngakhale kusimbidwa, ndipo bodza limeneli ndi loipa kuposa lija la osauka okondwa.

Kusiyana kuli apa: pali kuonetsa munthu kuti timuyang'ane, ndipo pali kumuonetsa kuti timdziwe. Woyang'anidwa alibe dzina, alibe dzulo, ndipo amavina kuti ife tisangalale. Wodziwidwa ali ndi dzina, amalankhula cinenero cake ca pamseu osacikonza kuti citikomere, amalakwa zolakwa zakezake, ndipo nthawi zina amatikwiyitsa. Moloi anatenga ovina enieni a pantsula kuti asewere pamodzi ndi akatswiri a masewero, ndipo m'seweroli gule sakhala cokometsera cabe pakati pa nkhani. Ndiye mau a anthuwo pamene mau a pakamwa awathera, kotero kuti mkwiyo, cisoni ndi kupikisana zimanenedwa ndi mapazi. Poona zimenezi ndikhulupirira kuti iye anacita mbali yake. Mbali yotsala ndi ya woona, ndipo palibe woongolera sewero amene angamcitire. Mayeso ake ndi apafupi. Tsiku lotsatira, ukakumana ndi anyamata a tizipewa ndi nsapato zoyera pa siteshoni ya basi, kodi umangokumbatira cikwama monga kale, kapena umatha kuwapatsa moni? (Cikwamaco cigwireni ndithu, si kulakwa, koma moni sagula.) Ambiri timakonda Mafred wa pagalasi, amene sangatipemphe kanthu, ndi kudana ndi Mafred wa pakona pathu.

Nanga mng'ono wanu akafunsa ngati n'koyenera kuti azivina pamene nyumba iri pa mavuto, mudzamuyankha ciani? Ine ndingamuuze kuti avine, ndipo asaweramitse mutu cifukwa ca cimeneco. Koma ndingamuuzenso kuti mwambo umene amausunga pagulu aubweretse kunyumba. Ngati amatha kufika pabwalo 3 koloko osacedwa, angathenso kufika pampope 5 koloko m'mawa amai asanadzuke. Ngati amatha kubwereza phazi limodzi maulendo 200 kufikira atalidziwa, ndiye kuti wadzionetsa yekha kuti angathe kuphunzira kuwocherera zitsulo kapena kukonza mafoni, ndipo sanganenenso kuti mutu wake ndi wouma. Gule amene amaphunzitsa munthu kuona ciboo m'mzere wa anzake, koma osaona ciboo cimene wasiya kunyumba, wasanduka mowa wa mtundu wina. Pano ndionjezerepo kanthu za atsikana. Pantsula anali gule wa amuna kwa zaka zambiri, akazi analowamo mocedwa, ndipo m'nyumba zambiri mtsikana amapita kukavina atatsuka kale mbale, pamene mnyamata amapita mbale zirikudikira mlongo wake. Mzere wa pabwalo umakhala woongoka, koma awiriwo sanalipire mtengo wofanana kuti aimemo.

Seweroli linajambulidwa kudera la Crown Mines, kumene kale kunali mgodi waukulu wa golide, pafupi ndi milu yacikasu ya dothi lotsala pamene golideyo anacotsedwa. M'mwezi wa Ogasiti, mwezi womwewo umene seweroli linayamba kuonetsedwa, mphepo imaulutsa fumbi la milu imeneyi kulowa m'nyumba za anthu a ku Riverlea ndi a ku Soweto, ndipo iwo akhala alikudandaula za cifuwa kwa zaka zambiri. Ndi pafumbi limenelo pamene ovina a kumeneko amapondaponda. Nsapato ya All Star ndi ya nsalu ndipo imagwira dothi msanga. Wofuna kuti mawa ikhale yoyera ayenera kuicapa usiku ndi burashi ndi sopo, ndi madzi amene wina anakatunga.